Ubweya wa nkhandwe wa m'mabelo: uti ungapirire kuno, uti ndi wa kunja kozizira

Mwezi wa Meyi ukamatha, ife ogulitsa majekete mumsika wa Kasungu sitigona tulo tokwanira. Alimi amakhala atayamba kulandira za fodya ku Chinkhoma, kamphepo kayamba kuluma m'makutu, ndipo belo ukalidula waya m'mawa, pofika masana latsala theka. M'belo la majekete simulephera kutuluka chaubweya. Nthawi zambiri ndi kaubweya kozungulira chipewa cha jekete, nthawi zina kolala yokhuthala, ndipo mwa apo ndi apo pamatuluka chikhothi chaubweya okhaokha kuyambira m'khosi mpaka m'maondo. Anthu amachiunjikira n'kumachisisita, wina akuti n'cha mkango, wina akuti n'cha galu. Zambiri mwa zimenezi zimakhala za nkhandwe, kapena zongofanizira nkhandwe.

Chaka chatha kunabwera mayi ena a cha ku Santhe ndi mwana wawo wamkazi amene anapeza mwayi wa sukulu ku Harbin, kumpoto kwa China. Titangopatsana moni, maso awo anagwera pa chikhothi choyera mbee chimene ndinapachika kutsogolo.

"Asisi, akuti kumeneko mtsinje umauma gwaa, anthu n'kumayendapo ndi miyendo. Ichi sichingamuthandize mwanayu?"

"Mayi, takhalani kaye pabenchipa. Kukongola n'chokongoladi, koma tiyeni tichione m'kati."

Tinakhalapo pafupifupi ola lathunthu. Zimene ndinawauza tsiku limenelo ndi zimene ndikulemba panozi, chifukwa zimandipweteka kuona munthu akupereka ndalama ya thukuta pa ubweya umene sukhala naye ngakhale nyengo ziwiri.

Nkhandwe ya pa jekete si yathu ija imalira usiku m'mphepete mwa paki ya Kasungu, ya mzere m'nthiti. Yathuyo ndi ya kotentha, ubweya wake ndi wokhakhala ndi wopyapyala, sutchuka pa kusoka makhothi. Dzina tinangobwerekana. Za pa majeketezi ndi za kumayiko a chipale chofewa, ndipo ubweya wake uli pawiri. Uzirani mpweya pa kolala muone: umatseguka ngati kachitsime. Pamwamba pali ubweya wautali wonyezimira umene umatchinga mphepo ndi mvula yowaza, pansi pali wina waufupi wothithikana ngati thonje, umene umasunga kutentha kwa thupi. Kusiyana konse kwa mitundu ya nkhandwe kuli pamenepa. Ina inalemera ndi wapamwamba, ina ndi wapansi.

Musanafunse mtundu, dziwani kaye ngati ndi weniweni. Patulani ubweyawo ndi zala mpaka pansi. Weniweni umamera pa chikopa, wopanga umakhala wolukidwa pa nsalu ndipo ulusi wake umaoneka. Nsonga za weniweni zimasongoka ngati singano, za wopanga zambiri zimakhala zodula, zofanana kutalika. Mukakayikabe, thotholani tiubweya tiwiri titatu muyatse ndi machesi. Weniweni umanunkha ngati akuwawula mutu wa mbuzi, ndipo phulusa lake limanyenyeka pa chala. Wopanga umasungunuka ngati jumbo n'kuuma kachibulumwa kolimba. Koma pemphani kaye mwini katundu, musangoyatsa machesi pa benchi ya munthu.

Umene ndimaupeza kwambiri pa makolala ndi wa nkhandwe ya ku Arctic, kanyama ka ku Greenland, Iceland, Siberia ndi kumpoto kwa Canada. Kutchire kamalemera makilogalamu 3 kapena 4 basi, ndipo kali ndi ubweya mpaka kuphazi kuti kaziyenda pa ayezi. Zina mwa nkhandwezi zimayera mbee nthawi yozizira n'kuda nthawi yotentha, zina zimakhala zotuwa modera chaka chonse, ndipo zimenezi ndi zimene azungu anazitcha Blue Fox. Musayembekezere mtundu wa buluu ngati wa yunifolomu. Za pa malondazi, zimene zambiri zimaswetsedwa m'mafamu a ku Finland ndi ku China, zimaoneka zoyerera pansi, nsonga zake zakuda ngati wina wawazapo phulusa. Pa kansalu ka m'khosi mupeza mawu oti Blue Fox, kapena Blaufuchs ngati jeketeyo inachokera ku Germany, kapena dzina la sayansi loti Alopex lagopus, limene masiku ano amalemba Vulpes lagopus. Mukaona dzina la Saga, imeneyo ndi kampani ya ku Finland yogulitsa zikopa pa okushoni, monga momwe ife timagulitsira fodya. Palinso ina yotchedwa Shadow Fox, ya mtundu womwewu koma yoyera pafupifupi thupi lonse.

Pa kufunda, ubweya umenewu palibe woufika pa nkhandwe zonse. Wapansi ndi wochuluka moti chala chimamira osafika pa chikopa msanga. Poti ndi woyerera umalandiranso utoto mosavuta, ndiye kolala yeniyeni ya pinki, yobiriwira kapena yakuda bii kawirikawiri imakhala ya nkhandwe imeneyi.

Vuto lake ndi lomwelo la kufewa. Pamene pamakhudza khosi, pamene pamadutsa lamba wa chikwama, m'mapeto a manja, ubweyawo umapotana n'kugwirana ngati thonje lonyowa, kenako n'kuthothoka. Ndipo woyera uja ndiye ndimauopa kwambiri kuno. Ngakhale ku Ulaya komweko umasanduka wachikasu ukamakalamba, makamaka ukamaona dzuwa. Nanga kuno? Ganizani fumbi la Ogasiti pa msewu wa ku Mtunthama, utsi wa mbaula, mafuta odzola a m'khosi. Sungachapidwe ndi sopo ngati shati. Ndinaonapo mkwatibwi atavala kakolala koyera koteroko pa ukwati wa mu Julayi, ndipo anaoneka bwino zedi. Pa tsiku limodzi lotero ndi chinthu chabwino. Koma chovala tsiku ndi tsiku, ayi.

Wachiwiri ndi Silver Fox, umene anthu ambiri amautenga ngati mfumu ya onse. Chodabwitsa n'choti si nyama ina ayi, ndi nkhandwe yofiira yomwe ija, kungoti inabadwa yakuda, monga momwe nkhuku imodzi imaswera anapiye osiyana maonekedwe. Kutchire zoterezi zinali zosowa, n'chifukwa chake kale zinkavalidwa ndi anthu olemera okhaokha a ku Russia ndi ku Ulaya. Kuweta nkhandwe kunayambira pa mtundu umenewu, m'zaka za m'ma 1890 pa chilumba cha Prince Edward ku Canada, pamene Charles Dalton ndi Robert Oulton anakwanitsa kuziswetsa m'makola mwachinsinsi. Pofika cha m'ma 1910, yaimuna ndi yaikazi zoswana zinkagulidwa madola masauzande ambiri. Mu 1914 zinafika ku Norway, ndipo komweko mu 1933 kunabadwa ina yotuwa mowala imene inayambitsa mtundu wa Platinum Fox.

Ubweya wa Silver ndi wautali kuposa wa Blue, woterera, ndipo umagwedezeka munthu akamayenda. Sufunda kufika pa wa ku Arctic uja chifukwa wapansi ndi wocheperapo, koma supotana msanga. Kuti mudziwe kuti ndi weniweni, tengani kaubweya kamodzi koyerako muike pa chikhatho. Kamayamba kodera kutsinde, pakati pali kachigawo koyera, nsonga n'kudanso bii. Mitundu itatu pa kaubweya kamodzi. Ena amatenga Blue Fox n'kuipaka utoto kuti ifanane ndi Silver, koma yoteroyo imaoneka yaifupi, yathonjethonje, ndipo kuyera kwake sikukhala pakati pa ubweya ngati mmene ndanenamu. Kolala ya Silver pa khothi lakuda la nsalu yaubweya wa nkhosa ndi chinthu chimene ndimachiyang'ana kawiri ndisanachigulitse, ndipo poti ndi chakuda, fumbi silichinyazitsa msanga. Kwa amayi ofuna chovala cha ulemu kutchalitchi m'mawa wa Juni, kapena opita ku Johannesburg kumene usiku wa Julayi kumazizira kuyandikira ziro, Silver ndi yabwino ngati thumba likulola.

Koma mutandifunsa umene ine ndingasankhe ndi ndalama yanga, ndi wofiira, Red Fox. Nkhandwe imeneyi ndi yofala kuposa zonse, ili ku Ulaya, ku Asia, ku North America, kumpoto kwa Africa, ndipo azungu anakaisiyanso ku Australia. Chifukwa cha kufala kumeneku ubweya wake sufanana. Ya ku Alaska, Canada ndi Siberia ili ndi ubweya wautali, wothithikana, wofiira ngati makala oyaka. Ya kumalo ofundirako ndi yopyapyala, yokhakhala, mtundu wake wofwifwa. Ndiye mawu oti Red Fox pa kansalu sakuuzani zonse, dzanja lanu ndi limene likuuzeni. Ndimaukonda chifukwa mtundu wake ndi wa katondo wathu yemweyu. Fumbi likalowamo mumangoukutumula basi, ndipo ukamakalamba suchita manyazi ngati woyera uja, umangofwifwa pang'onopang'ono. Mtengo wakenso m'belo sukwera ngati wa Silver.

Pa wofiirawu samalani chinthu chimodzi. Chikopa chabwino ndi cha pamsana. Cha pamimba ndi choyerera ndi chopyapyala, cha m'miyendo ndi chachifupi. Zidutswa zotsala sazitaya, amazilumikiza n'kupanga chinsalu chachikopa, ntchito imene tauni ya Kastoria ku Greece inatchuka nayo kuyambira kalekale. Khothi la zidutswa mumalidziwa ndi mawangamawanga ake, ndipo mukapapasa m'kati mumamva misoko paliponse. Ndi ntchito yaluso, koma msoko uliwonse ndi khomo la kung'ambika, ndiye musalipire mtengo wa chikopa chathunthu.

Ilipo ina ya banja lomweli yotchedwa Cross Fox, yofiira koma ya mzere wakuda pamsana ndi wina wopingasa m'mapewa ngati mtanda. Imatuluka kamodzikamodzi, ndipo makhalidwe ake ndi a yofiira yomwe ija. Blue Frost ndi mwana wa Silver ndi Blue, wosabereka ngati nyulu, ubweya wake wodera, wothithikana ngati wa Blue koma woterera ngati wa Silver. Mukaupeza uli bwino, musauleke.

Imene anthu amainyoza koma ine ndimailemekeza ndi Grey Fox ya ku America, nkhandwe yokwera m'mitengo. Ubweya wake ndi waufupi, wokhakhala pang'ono, wotuwa ngati imvi zosakanikirana, m'mbali mofiirira. Sufufuma ngati enawo, ndiye pa benchi sukopa maso. Koma poti ndi waufupi ndi wolimba, supotana, ndipo suchulutsa thukuta. Pa jekete ya abambo ovala tsiku lililonse, umenewu ndi umene ungapirire nkhanza za minibasi.

Tsono pali wina amene amalowa m'gulu la nkhandwe mozemba. Ubweya wambiri wa m'mphepete mwa zipewa za majekete, wabulauni wa nsonga zazitali zakuda, si wa nkhandwe konse. Ndi wa nyama ya kum'mawa kwa Asia yotchedwa raccoon dog, imene pa kansalu amailemba Finnraccoon kapena Asiatic Raccoon. Sindikunena kuti ndi woipa. Pa chipewa umagwira ntchito kuposa Blue Fox, chifukwa ubweya wautali wolimba umaswa mphepo isanafike pa masaya, pamene wofewa uja umanyowa ndi mpweya wa m'kamwa n'kugwira ayezi. Pa chifukwa chomwechi kampani ya Canada Goose inkaika ubweya wa coyote, nyama yakutchire ya ku America yofanana ndi galu, pa zipewa za majekete ake mpaka pamene inaleka ubweya wa nyama mu 2022. Chongofunika n'choti wogulitsa asakutchajeni mtengo wa nkhandwe pa chinthu chimene si nkhandwe.

Zonsezi ndi za pamwamba. Chimene chimagamula mlandu ndi chikopa cha pansi, ndipo apa ndi pamene ndimafuna munthu adekhe. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zovala zimene zimatipeza m'belo zina zakhala zaka 30 kapena 40 m'nyumba za eni ake, kenako zapanikizidwa ndi makina, zayenda panyanja m'kontena yotentha. Ubweya umatha kuoneka wamoyo pamene chikopa chinafa kale, mafuta ake anauma. Inu a kuno simufunika kuphunzitsidwa zimenezi. Mukudziwa mmene tsamba la bale limamvekera m'chigafa m'mamawa kukakhala chinyezi, lofewa ngati nsalu, ndi mmene limachitira masana a dzuwa, ukangoligwira n'kuthetheka. Chikopa cha nkhandwe n'chimodzimodzi. Lowetsani dzanja kunsi kwa nsalu ya m'kati, makhothi ambiri aubweya sasokedwa kumunsi. Finyani pang'ono, tcherani khutu. Chikafewa mwakachetechete ngati fodya wa m'mawa, chili moyo. Chikamalira tsweretswere ngati pepala, chisiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo, chifukwa fodya wouma amafewanso ndi mame koma chikopa chouma sichibwerera. Telala akachibaya ndi singano chimangong'ambika motsatira msoko. Onani kwambiri m'khwapa, m'mapewa ndi pa zigongono. Kenako sisitani ubweyawo mobwerera: tiwiri titatu totsalira m'manja si kanthu, koma ukamachoka wambiri, njenjete zinadyamo kale.

Popapasa mutha kupezanso kuti ubweya uli m'mizeremizere, pakati pake pali timalamba ta chikopa chosalala kapena nsalu. Sikuti akuberani. Osoka amachita dala, kudula chikopa cha nkhandwe m'timizere n'kuikamo timalamba kuti khothi lipepuke komanso kuti chikopa chimodzi chifike patali. Khothi lotero ndi lopepuka koma silifunda ngati lathunthu, ndipo mphepo ikawomba mizere ija imaonekera.

Ndiye ndani agule chiyani? Kuno ku Kasungu kuzizira kwathu ndi kwa m'bandakucha, madigiri cha m'ma 10, ndipo ikamakwana 10 koloko dzuwa latentha kale. Chikhothi chathunthu cha nkhandwe, kaya cha mtundu wanji, kuno n'cholemetsa chabe. Muchivala masiku owerengeka pa chaka, miyezi ina yonseyo chikudyedwa ndi chuku. Kolala kapena ubweya wa pa chipewa ndi zokwanira, ndipo pakhale pa zipi kapena mabatani kuti muzichotsa pochapa jekete. Achimwene a kabaza ya njinga yamoto amene amadzuka 4 koloko kukadikira mabasi, iwo ndimawauza mosabisa kuti atenge jekete yotchinga mphepo ya ubweya wopanga. Mvula ikaunyowetsa suwonongeka, ukada amauchapa, ndipo ndalama yotsalayo agulire magolovesi. Opita ku Ireland kapena ku Britain akumbukire kuti kumeneko vuto ndi mvula yosatha osati ayezi, ndipo ubweya wa nkhandwe sugwirizana ndi kunyowa tsiku ndi tsiku. Opita ku Russia, Canada kapena kumpoto kwa China, kumene mu Januwale usiku kumatha kuzizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, chimene chingawasunge ndi jekete yokhuthala ya nthenga za bakha kapena tsekwe, yofika m'maondo, ubweya uli kuchipewa kokha.

Pali nkhani ina imene sindingaibise ngakhale ndine wogulitsa. Blue, Shadow, Silver ndi Platinum pafupifupi zonse zimachokera m'makola a waya, aang'ono moti ena sakwana ndi sikweya mita imodzi. Nkhandwe imabadwa cha mu Meyi n'kuphedwa cha mu Novembala kapena Disembala chaka chomwecho, ubweya ukakhwima, isanapondepo dothi. Zina amazinenepetsa kuwirikiza kangapo kulemera kwake kwa kutchire kuti chikopa chikule. Khothi limodzi lalitali limadya nkhandwe zoposa 10. Red Fox ndi Grey Fox zambiri ndi zakutchire, koma nazonso zimagwidwa pa misampha. Ife timaweta ndipo timapha, mbuzi ndi nkhuku, koma mbuzi yathu imayenda, imadya msipu, imaothera dzuwa. Zinazi zimandikhudza mtima. Si ine ndekha: England ndi Wales anakhazikitsa lamulo loletsa mafamu a ubweya mu 2000, Norway yomwe ija inatchuka ndi nkhandwe inavomereza lamulo lotero mu 2019 ndipo mafamu anayenera kutsekedwa pofika 2025, ndipo kampani ya zovala ya Gucci inaleka ubweya wa nyama kuyambira 2018. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake zoterezi zikuchuluka m'mabelo, eni ake sakufunanso kuoneka nazo. Wopita kunja adziwiretu kuti m'mizinda ina anthu adzamuyang'ana ndi diso loipa akavala chikhothi chaubweya weniweni. Maganizo anga ndi oti cha kaunjika chivalidwe mpaka chithe, poti nyamayo inafa kale ndipo kuchitaya sikuidzutsa. Koma chatsopano cha m'sitolo sindingalimbikitse munthu kugula.

Mukagula, kasungidwe kake n'kosavuta koma sikafuna kuiwala. Madzi ndi sopo ayi, simbi ayi, perefyumu ayi. Chikanyowa chikutumuleni n'kuchipachika pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Musachitsekere m'jumbo kapena kuchipanikiza pansi pa sutikesi. Chipachikeni pa hang'ala yotakata mapewa, muchifunditse chitenje chakale cha thonje, m'chipinda chozizirirapo kuposa zonse. Kuyambira Disembala mpaka Malichi muzichitulutsa kamodzi pa milungu iwiri, kuchikutumula ndi kuchinunkhiza, chifukwa chuku ndi njenjete zimakonda chinthu chosasunthidwa.

Chikhothi choyera chija tinachitembenuza pamodzi ndi mayi a ku Santhe. Chinali Shadow Fox yeniyeni, ubweya wake wokongola moti mwana uja sankafuna kuchisiya. Ndinawagwiritsa dzanja m'khwapa mwake n'kuwauza kuti afinye. Chinalira ngati tsamba la masana, ndipo pamsoko panali patatseguka kale mpata wolowa zala ziwiri.

"Iii, asisi, chikanakamuvukira m'ndege momwemo."

Anatenga jekete yobiriwira modera ya nthenga, yofika m'maondo, ya ubweya wa Red Fox kuchipewa. Ndinamasula ubweyawo pa zipi, kuukulunga m'kachitenje, n'kumuuza mtsikanayo kuti auike pamwamba pa zovala m'chikwama cha m'manja, ndipo akakafika asamakauyanike pa chitsulo chotenthetsera m'chipinda.